Fumbi Lobadwira Pakati pa Mphepo za Nyenyezi Ziwiri

Ngodya ya Sayansi: phunziro la ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4, ndi makolo ofuna kuwerenga limodzi ndi ana awo

Ophunzira athu, makolo ndi akuluakulu a komiti, phunziro la ulendo uno likuyankha funso limene linazunguza mitu akatswiri a zakuthambo kwa zaka zambiri. Fumbi silipirira moto waukulu: likatenthedwa kufika madigiri pafupifupi 2,000 limasanduka mpweya. Komatu kuthambo kuli nyenyezi zotentha kuwirikiza ka 10 kuposa dzuwa lathu, zimene zimatulutsa fumbi lambiri zedi. Zimatheka bwanji kuti chinthu choopa moto chibadwire m'mphepete mwa ng'anjo? Yankho lagona pa mphepo ziwiri zimene zimawombana pakati pa nyenyezi ziwiri zozungulirana. Ziwiri mwa nyenyezi zimene titchule zimaoneka ndi maso usiku wopanda mwezi kuchokera ku Kawale, ku Biwi kapena ku Mgona, ndipo masamu ofunika ndi omwe aja a liwiro, mtunda ndi nthawi amene mumakumana nawo pa mayeso a MSCE.

Fumbi la kuthambo ndi lotani?

Tikamati fumbi, ambirife timaganiza za lija limene kavuluvulu amanyamula m'misewu ya ku Chinsapo mu Okutobala. Fumbi la kuthambo ndi losalala kwambiri kuposa limenelo. Timbewu take tambiri sitifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, moti pafunika kundandalika timbewu mazanamazana kuti tifanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Chimene chikufanana nalo kwambiri m'nyumba zathu ndi mwaye.

Yesani izi pali munthu wamkulu. Yatsani koloboyi, mukweze chingwe chake mpaka lawi liyambe kufuka, kenaka mugwirizire chivundikiro cha poto pamwamba pa lawilo kwa kanthawi. Chivundikirocho chida bii. Mu palafini muli kaboni. M'kati mwa lawi kaboniyo amakhala ngati mpweya wotentha, koma maatomu ake akachulukana pamalo amodzi n'kuzizira pang'ono, amamatana n'kupanga timbewu ta mwaye. Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa phunziro lonseli laima pa iyo: kuti fumbi lipangike, maatomu ayenera kuthithikana, ndipo kutentha kuyenera kutsika. Chimodzi chikasowa, fumbi palibe.

Fumbi limatchinga kuwala. Kumapeto kwa chilimwe, m'mlengalenga mukadzaza fumbi ndi utsi wa moto wa tchire, dzuwa limalowa lili psuu ndipo nyenyezi zazing'ono zimabisika. Kuthambo zilinso chimodzimodzi. Pambali pa nyenyezi za Mtanda wa Kum'mwera pali banga lakuda pakati pa kuyera kwa Mlalang'amba, lotchedwa Coalsack, kutanthauza thumba la makala. Ndi mtambo wa fumbi lozizira umene ukubisa nyenyezi za kumbuyo kwake.

Fumbi likafunda limatulutsa kuwala kwa infrared, kumene maso athu saona. Mbaula imene makala ake akuoneka ngati azima imamvekabe kutentha mukayandikiza dzanja, ndipo chimene dzanja likumvacho ndi infrared. Akatswiri akafuna kupeza fumbi latsopano pafupi ndi nyenyezi, amagwiritsa ntchito makina oona kuwala kwa mtundu umenewu.

Mphepo ya nyenyezi

Dzuwa lathu ndi nyenyezi, ndipo lili ndi mphepo yake. Usana ndi usiku limataya timaatomu tokhala ndi mphamvu ya magetsi, toposa matani 1 miliyoni pa sekondi iliyonse, touluka pa liwiro la makilomita pafupifupi 400 pa sekondi. Eugene Parker wa ku America anawerengetsera ndi masamu mu 1958 kuti mphepo imeneyi iyenera kukhalapo, ndipo chombo cha Mariner 2 chinaiyeza mu 1962. Nthawi zina imabwera mwamkuntho. Mu Meyi 2024 inafika mwamphamvu moti anthu a kum'mwera kwa South Africa anaona thambo litafiira usiku. Ku Hermanus, m'dziko lomwelo, kuli ofesi ya bungwe la SANSA imene imalondola mikuntho yotere, chifukwa imasokoneza masetilaiti ndi mawayilesi.

Matani 1 miliyoni pa sekondi akumveka ambiri, koma kwa dzuwa ndi ngati kutapa kambewu kamodzi m'nkhokwe yodzaza. Dzuwa lakhala likuwala kwa zaka 4.6 biliyoni ndipo silinachepe mooneka.

Nyenyezi zikuluzikulu, zolemera kuwirikiza ka 20 kapena kuposerapo poyerekeza ndi dzuwa, zili ndi khalidwe lina. Zimawala kuwirikiza ka 100,000 kapena kuposa, ndipo kuwala kumeneku kumakankha. Kuwala kwa tochi sikungagwedeze nthenga, koma kuwala kwa nyenyezi zoterezi kukagunda maatomu a kaboni, nayitirojeni ndi chitsulo amene ali kunja kwa nyenyeziyo, kumawakankhira kutali, iwonso n'kukoka mpweya wonse wowazungulira. Ndi mmene mphepo ya nyenyezi zikuluzikulu imayambira.

Nyenyezi zosendeka

Mu 1867, ku Paris, Charles Wolf ndi Georges Rayet anali kugawa kuwala kwa nyenyezi m'mitundu yake, monga mmene madontho a mvula amagawira kuwala kwa dzuwa n'kupanga utawaleza. Utawaleza wa nyenyezi zambiri umakhala ndi timizere takuda topyapyala. Koma nyenyezi zitatu za m'gulu la Cygnus zinaonetsa mizere yowala ndi yotambalala. Kuyambira pamenepo nyenyezi za mtundu umenewu zimatchedwa Wolf-Rayet, mwachidule WR.

Mu 1929 Carlyle Beals wa ku Canada anafotokoza kuti mizereyo ndi yotambalala chifukwa mpweya ukuthamanga kuchoka pa nyenyeziyo kupita mbali zonse. Mukudziwa mmene kulira kwa ambulansi kumakwerera ikamabwera, n'kutsika ikadutsa. Kuwala nakonso kumasintha motero: mpweya wobwera kwa ife umakankhira mzere ku mbali ya buluu, wopita kutali umaukankhira ku mbali yofiira. Mukayeza kutambalala kwa mzere, mwapeza liwiro la mphepo. Pa nyenyezi za WR limakhala pakati pa makilomita 1,000 ndi 3,000 pa sekondi.

Nyenyezi ya WR ndi nyenyezi yaikulu imene yakalamba. Pakati pa nyenyezi iliyonse, haidirojeni amasanduka hiliyamu, ndipo kusandukako ndiko kumapereka kuwala. Haidirojeni wa pakati akatha, hiliyamu amayamba kusanduka kaboni ndi okosijeni. Nyenyezi yaikulu imatha nkhuni zake msanga, m'zaka mamiliyoni ochepa chabe, pamene dzuwa lidzakwanitsa zaka pafupifupi 10 biliyoni. Pa nthawi yochepayo khungu lake lakunja la haidirojeni limachoka, mwina potengedwa ndi mphepo, mwina polandidwa ndi nyenyezi inzake. Chotsala ndi mtima wa nyenyeziyo, wosendeka ngati mbatata, wotentha madigiri 30,000 mpaka kuposa 100,000, pamene kunja kwa dzuwa ndi madigiri 5,500. Ikasendeka mpaka kufika pamene pali kaboni, mphepo yake imadzaza kaboni. Nyenyezi yotere imatha kutaya pa chaka chimodzi zinthu zolemera ngati dziko lathu lapansi katatu kapena kuposa.

Apa ndi pamene pali vuto lija. Kaboni alipo wambiri. Koma pafupi ndi nyenyezi, pamene maatomu athithikana, pakutentha kwambiri. Kutali, kumene kukuzizira, mphepo yamwaza kale maatomuwo moti sangakumanenso. Zofunika ziwiri zija sizikupezeka pamalo amodzi. Chonsecho m'zaka za m'ma 1970 makina a infrared anaonetsa kuti zina mwa nyenyezi zimenezi zazunguliridwa ndi fumbi lofunda.

Mphepo ziwiri zikakumana

Nyenyezi zikuluzikulu sizikonda kukhala zokha. Kafukufuku amene anatsogolera Hugues Sana mu 2012 anapeza kuti zoposa 70 pa 100 zilizonse za nyenyezi zikuluzikulu zotentha kwambiri zili ndi inzake yapafupi, imene zidzasinthana nayo zinthu kapena kuphatikana nayo m'moyo wawo. Ziwirizo zimamangidwa ndi mphamvu yokoka n'kumazungulirana. Zonse zikakhala zikuluzikulu, iliyonse ili ndi mphepo yake, ndipo mphepozo zimakumana pakati.

Tengani mapaipi awiri a madzi, muwalozetsane. Pamene madziwo akugundana pamapangika chinsalu cha madzi. Paipi imodzi ikakhala yamphamvu, chinsalucho chimapindikira ku paipi yofooka n'kuivindikira ngati ambulera. Mphepo ya nyenyezi ya WR ndi imene imanyamula zinthu zambiri, choncho malo owombanirana amapindika mozungulira nyenyezi inzakeyo, n'kukhala ngati chipewa chachitali chokhala ndi mchira wolunjika kutali.

Pa nsonga ya chipewacho, pamene mphepo zikugundana maso ndi maso, mpweya umatentha madigiri mamiliyoni makumimakumi n'kutulutsa kuwala kwa X-ray, kwa mtundu womwe uja wa kuchipatala. Pamenepo fumbi silingapangike. Koma kugundanako kumafinya mpweya. Mpweya wofinyika umataya kutentha msanga, chifukwa maatomu ake amagundana pafupipafupi, ndipo kugundana kulikonse kumatulutsa mphamvu ngati kuwala. Ukamazizira umafinyikabe. Uku n'kuti ukutsetsereka m'mbali mwa chipewacho kupita kutali ndi nyenyezi zonse ziwiri. Ukafika kumene kuwala kwa nyenyezi kwachepa mphamvu, umakhala udakali wothithikana, ndipo zibuma zake zimadzipangira mthunzi. Zofunika ziwiri zija zakumana tsopano: maatomu a kaboni athithikana, kutentha kwatsika, ndipo mwaye ukupangika.

Ophunzira Jogalafe akumbukira kuti mvula ya dzinja kuno kwathu imachuluka pamene mphepo zochokera mbali zosiyana zakumana, mpweya n'kukwera, kuzizira, nthunzi n'kusanduka madontho. Zochitika zake n'zosiyana ndi za nyenyezi, koma pawiri ponsepo chatsopano chikupangikira pamalo okumanirana mphepo.

WR 140: fumbi la zaka zisanu ndi zitatu zilizonse

Chitsanzo chodziwika bwino ndi WR 140, m'gulu lomwe lija la Cygnus. Kuwala kwake kumatenga zaka zoposa 5,000 kuti kutifike, pamene kwa dzuwa kumatenga mphindi 8 ndi masekondi 20. Pali nyenyezi ya WR yolemera ngati madzuwa 10, ndi inzake yolemera ngati madzuwa pafupifupi 30. Zimazungulirana kamodzi pa zaka 7.93, ndipo njira yake ndi yotalika ngati dzira losongoka. Zikatalikirana, mpata wake umaposa mtunda wochokera ku dzuwa kufika ku pulaneti ya Uranus. Zikayandikirana, umangoposa pang'ono mtunda wochokera kuno kufika ku dzuwa, umene ndi makilomita 150 miliyoni.

Mu 1977 Peredur Williams ndi anzake anaona kuti WR 140 yawala mwadzidzidzi m'kuwala kwa infrared, kenaka n'kuyamba kuzilala pang'onopang'ono. Zinachitikanso mu 1985, ndipo kubwerezako kunagwirizana ndi nthawi imene nyenyezi ziwirizo zinayandikirana kwambiri. Zinabweranso mu 1993, 2001 ndi 2009. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: panafunika kudikira zaka zisanu ndi zitatu nthawi iliyonse kuti aone ngati ganizo lawo linali loona. Tanthauzo lake ndi ili. Nyenyezizo zikatalikirana, mphepo zimakumana zitamwazika kale, ndipo kufinyana kwake sikukwanira. Zikayandikirana, kwa miyezi yochepa chabe, kufinyanako kumakwanira ndipo fumbi limapangika. Kenaka fumbilo limatengedwa ndi mphepo n'kumafutukuka ngati chigoba.

Pa 25 Disembala 2021 telesikopu ya James Webb inanyamuka ku Kourou, ku French Guiana. Ili ndi galasi la mamita 6.5, imaona infrared, ndipo ili pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno. Mu Julayi 2022 inajambula WR 140, ndipo gulu lotsogoleredwa ndi Ryan Lau linawerenga mikombero ya fumbi yosachepera 17, wina m'kati mwa unzake, ngati mizere ya pa chitsa cha mtengo wodulidwa. Mkombero uliwonse ndi umboni wa kuyandikirana kumodzi. Telesikopuyo inajambulanso mu Sepitembala 2023, patapita miyezi 14, ndipo mikomberoyo inapezeka itasuntha. Liwiro lake ndi makilomita pafupifupi 2,600 pa sekondi.

Tiwerengetsere limodzi

Tengani kope ndi cholembera.

Choyamba, liwiro. Mphepo za WR 140 zimathamanga makilomita pafupifupi 3,000 pa sekondi. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre pa msewu wa M1 ndi makilomita oposa 300 pang'ono. Nthawi ndi mtunda kugawa ndi liwiro: 300 ÷ 3,000 = 0.1. Ulendo umene basi imayenda maola anayi kapena asanu, mphepo imeneyi imaumaliza m'gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi.

Chachiwiri, mpata wa pakati pa mikombero. Chaka chili ndi masekondi pafupifupi 31.6 miliyoni. Kuchulukitsa ndi 7.93 tipeza masekondi pafupifupi 250 miliyoni. Mtunda ndi liwiro kuchulukitsa ndi nthawi: 2,600 × 250 miliyoni = makilomita 650 biliyoni. Tikagawa ndi 150 miliyoni, tiona kuti mkombero umodzi watalikirana ndi unzake kuwirikiza ka 4,300 mtunda wochokera kuno kufika ku dzuwa.

Chachitatu, zaka. Apa ambiri amapunthwa. Mukazika mitengo 17 ya mpanda pamzere, mipata yake ndi 16. Tikatenga mkombero wamkati kukhala wa kuyandikirana kwa Disembala 2016, wa nambala 17 unapangika mipata 16 m'mbuyo: 16 × 7.93 ndi zaka pafupifupi 127. Tikachotsera pa mapeto a 2016 tifika cha m'ma 1890, dziko lino litangotsala pang'ono kulowa m'manja mwa Angerezi mu 1891. Kumbukirani kuti zaka zimenezi ndi za nthawi imene kuwalako kunafika kuno. Zenizenizo zinachitika zaka zoposa 5,000 m'mbuyo mwake.

Nyenyezi zina ziwiri

Si nyenyezi zonse zimene zimadikira zaka zisanu ndi zitatu. WR 104, m'gulu la Sagittarius, ili ndi njira yozungulira pafupifupi ngati mkombero wa njinga, choncho mpata wa nyenyezi zake susintha kwenikweni ndipo fumbi limapangika mosalekeza. Boolani botolo la pulasitiki pambali, mulidzaze madzi, mulipachike pa chingwe n'kulizungulitsa. Dontho lililonse limapita molunjika, koma mzere wonse wa madzi umaoneka wopotana ngati chigoba cha nkhono. Mu 1999 Peter Tuthill, John Monnier ndi William Danchi, pogwiritsa ntchito telesikopu ya Keck ku Hawaii, anaonetsa kuti fumbi la WR 104 lapotana chimodzimodzi, ndipo limazungulira kamodzi pa miyezi pafupifupi 8. Chithunzi chimenecho chinali umboni wooneka ndi maso kuti fumbi likuchokeradi pamalo owombanirana mphepo.

Nyenyezi ya WR yapafupi kwambiri ndi ife ili mu Gamma Velorum, imene dzina lake la Chiarabu ndi Suhail al Muhlif. Kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 1,100 kuti kutifike. Nayonso ili ndi kaboni m'mphepo yake, ili ndi inzake yaikulu imene imazungulirana nayo pa masiku 78.5, ndipo mphepo zawo zimawombana n'kutulutsa X-ray. Chodabwitsa n'chakuti akatswiri sanapezepo fumbi lochuluka ngati la WR 140 kapena WR 104. Ndiye kuti kuwombana kwa mphepo pakokha sikukwanira; ukali wa kuwala, mpata wa nyenyezizo ndi zimene zili m'mphepomo ziyenera kugwirizana. Funso limeneli likufufuzidwabe mpaka lero.

Eta Carinae, nyenyezi imene inadzibisa m'fumbi lake

Mu Disembala 1837 John Herschel, amene anali kuyeza nyenyezi za kum'mwera ali ku Cape Town, anaona kuti nyenyezi ya Eta Carinae yawala modabwitsa. Pofika mu Malichi 1843 inali yachiwiri pa kuwala usiku wonse, yoposedwa ndi Sirius yokha. Makolo athu a nthawi imeneyo, kaya m'mbali mwa nyanja kaya m'zigwa za Lilongwe, anali nayo pamwamba pawo madzulo alionse a masika. Kenaka inayamba kuzilala, ndipo pofika zaka za m'ma 1870 sinkaonekanso ndi maso.

Nyenyeziyo inali itasanza zinthu zolemera kuposa madzuwa 10. Zinthuzo zitapita patali n'kuzizira zinapanga fumbi, ndipo fumbilo linaiphimba. Mtambo wake, wotchedwa Homunculus, uli ndi mbali ziwiri zotupa ngati khoko la mtedza wa njere ziwiri. Zindikirani kusiyana kwake: fumbi lambiri la Eta Carinae linachokera ku kuphulika kumodzi kwakukulu, pamene la WR 140 limachokera ku kuwombana kwa mphepo kobwerezabwereza.

Komabe m'kati mwa mtambowo mulinso mphepo zowombana. Mu 1996 Augusto Damineli wa ku Brazil anapeza kuti kuwala kwa Eta Carinae kumasintha pa zaka 5.5 zilizonse, ndipo zimenezi zinatsogolera ku kuzindikira kuti nyenyezizo ndi ziwiri. Yaikuluyo ili ndi mphepo yolemera yoyenda makilomita pafupifupi 400 pa sekondi. Inzakeyo ili ndi mphepo yopepuka yothamanga pafupifupi 3,000. Matelesikopu a H.E.S.S. ku Namibia anakola kuwala kwa gamma kwamphamvu zedi kochokera kumeneko. Kuyambira zaka za m'ma 1940 nyenyeziyi yakhala ikuwalanso pang'onopang'ono, ndipo lero imaoneka ndi maso kumalo a mdima. Kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 7,500.

Fumbili limapita kuti?

Mphepo imamwaza fumbi pakati pa nyenyezi, kumene limasakanikirana ndi fumbi lochokera ku nyenyezi zing'onozing'ono zokalamba ndi ku nyenyezi zophulika. Patapita nthawi yaitali limasonkhana m'mitambo ngati Coalsack. M'mitambo yotere fumbi limatchinga kuwala, m'kati mumazizira, mpweya umakokana, ndipo nyenyezi zatsopano zimabadwa. Timbewu totsala timamatana n'kukhala timiyala, timiyala n'kukhala matanthwe, matanthwe n'kukhala mapulaneti.

Mwala umodzi wa nthawi imeneyo unagwa kuno kwathu. Pa 22 Januwale 1981, m'boma la Machinga munagwa mwala wochokera kuthambo wolemera makilogalamu 93. Ndi wa mtundu umene unapangika kuchokera ku fumbi ndi timiyala pamene dzuwa ndi mapulaneti zinkayamba, zaka pafupifupi 4.6 biliyoni zapitazo. Mwala wina, umene unagwa ku Murchison ku Australia mu 1969, unapezeka ndi timbewu ta fumbi takale kuposa dzuwa lenilenilo. Kaboni amene mumaphunzira mu Kemisitiri, wa m'makala, m'chimanga ndi m'matupi athu, anapangikira m'kati mwa nyenyezi. Munthu wolemera makilogalamu 50 ali ndi kaboni wa makilogalamu pafupifupi 9.

Tulukani mukaone

Nthawi yabwino ndi Epulo ndi Meyi, mvula itakata, utsi wa moto wa tchire usanayambe. Sankhani usiku wopanda mwezi. Masiku khumi otsiriza a mwezi pa kalendala yathu yoyendera mwezi ndi abwino, chifukwa mwezi umatuluka mochedwa. Mukachoka ku Swala ya Isha, pitani pamalo opanda nyali zambiri, monga bwalo la mpira, muli pagulu ndi munthu wamkulu. Usiku umene magetsi azima dera lonse ndi mwayi. Dikirani mphindi 15 kuti maso azolowere mdima, osayang'ana pafoni.

Malangizo awa ndi a pakati pa Epulo, cha m'ma 7:30 madzulo. Kumadzulo muona nyenyezi zitatu zotsatana pamzere, Akamwiniatsatana. Tsatirani mzerewo chokwera mpaka mupeze Sirius, yowala kuposa zonse, imene m'Chiarabu ndi Shi'ra. Tembenukirani kum'mwera chakumadzulo ndipo mupeza yachiwiri pa kuwala, Canopus, imene Aarabu amati Suhail. Tambasulani mkono, mutanule zala. Kuchokera pa Canopus kupita kumanzere chokwera, mpata wa chala chachikulu ndi chaching'ono, pali nyenyezi yoyera mobiriwira. Imeneyo ndi Gamma Velorum.

Kenaka yang'anani kum'mwera chakum'mawa. Mtanda weniweni ndi waung'ono, wowala, ndipo kumunsi kwake kuli nyenyezi ziwiri zowala zoulozera. Musausokoneze ndi mtanda wina wokulirapo ndi wozilala umene uli pamwamba, pakati pa iwo ndi Canopus. Coalsack ili pambali pa Mtanda, mbali ya nyenyezi zolozerazo. Kuchokera pa Mtanda kupita kumanja chokwera, mpata woposa pang'ono chibakera chimodzi, pali kachifunga koyera. M'menemo ndi mmene muli Eta Carinae. Wokhala ndi bayinokyula aiona bwino, yofiirira pakati pa zinzake. Ngati nyali za ku Area 23 kapena Area 25 zikutchinga, yesaninso mukapita kumudzi pa tchuthi. Pulogalamu yaulere ya Stellarium ingakuthandizeni kutsimikiza musanatuluke panja. WR 140 imaoneka kumpoto madzulo a Sepitembala, pafupi ndi nyenyezi ya Deneb, koma imafuna bayinokyula ndi mapu a nyenyezi.

Kwa makolo: phunziroli silifuna chipangizo chogula. Chimene ana akusowa ndi munthu wamkulu wowaperekeza kwa theka la ola, anyamata ndi atsikana omwe. Mabanja oyandikana angagwirizane usiku umodzi. Ngati pali wina m'komiti amene ali ndi bayinokyula, kubwereketsa sukulu kwa sabata imodzi kungathandize kalasi yonse.

Mafunso obwereza

1. Tchulani zinthu ziwiri zofunika kuti fumbi lipangike, ndipo fotokozani chifukwa chake nyenyezi ya WR yokhala yokha imavutika kukhala nazo zonse pamalo amodzi.
2. N'chifukwa chiyani malo owombanirana mphepo amapindikira ku nyenyezi imodzi?
3. Mphepo ya makilomita 3,000 pa sekondi ingatenge maola angati kuyenda makilomita 150 miliyoni? Nanga mphepo ya dzuwa, ya makilomita 400 pa sekondi, ingatenge masiku angati?
4. N'chifukwa chiyani fumbi la WR 140 limapanga mikombero yolekana, pamene la WR 104 limapanga mzere umodzi wopotana?
5. Nyenyezi za WR 140 zinayandikirananso mu Novembala 2024. Zidzayandikirananso chaka chiti, ndipo inu mudzakhala ndi zaka zingati?
6. Jambulani m'kope mwanu Mtanda wa Kum'mwera, nyenyezi ziwiri zolozera, Canopus ndi Gamma Velorum monga mwazionera, mulembe tsiku, nthawi ndi malo. Jambulaninso patapita sabata ziwiri pa nthawi yomweyo. Chasintha n'chiyani?

Mayankho ndi zojambula mupereke kwa aphunzitsi a Fizikisi teremu isanathe. Zojambula zabwino tidzaziika m'kalata yotsatira pamodzi ndi mayankho a masamu.